Kuphunzira za chilengedwe m'nyengo ya chipale: mmene amachitira ku Milwaukee

Mzinda wa Milwaukee uli m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, m'chigawo cha Wisconsin chakumpoto kwa dziko la United States, ndipo muli anthu oposa theka la miliyoni. Kumeneko chisanu chimayamba kuluma mu Disembala n'kudzaleka mu Malichi. Mu Januwale, masana ambiri kutentha sikukwera kupitirira ziro pa sikelo ya Celsius, usiku kumatsika kufika madigiri 8 kapena 9 pansi pa ziro, ndipo chipale chofewa chimene chimagwa pa chaka, chitati chiunjikidwe pamodzi, chingapitirire mita imodzi. Cha pa 21 Disembala dzuwa limaoneka kwa maola 9 okha. Munthu amene chisanu amachidziwira ku Dedza kapena ku Nyika, kumene m'mawa wa mu Juni udzu umatha kuyera mbuu koma n'kuuma dzuwa likakwera, aganizire kuzizira kumene sikuchoka kwa milungu yambiri, kumene kumaumitsa nthaka ndi kutseka maiwe ndi madzi oundana.

Ngakhale zili choncho, miyezi imeneyi malo ophunzitsira za chilengedwe a mumzindawu satseka, ndipo amatanganidwa kutulutsa ana ndi akuluakulu panja. Poyamba zimenezi zimadabwitsa, chifukwa mitengo imakhala itayoyola masamba, mbalame zambiri zitathawira kumwera, ndipo achule, njoka ndi tizilombo touluka sizioneka n'komwe. Koma kuchepa kwa zinthuko n'kumene kumathandiza wophunzira. M'nyengo yotentha thengo limadzaza ndi zamoyo zambirimbiri moti maso a mwana sadziwa poyambira, pamene m'chisanu mbalame zotsala ndi zowerengeka, mitengo imaonetsa nthambi ndi makungwa ake poyera, ndipo chilichonse chimene chayenda usiku chimasiya mapazi pachipale. Chimene chimavuta kwenikweni ndi kumufikitsa munthu panja atavala mokwanira, ndi kumubweretsanso kumeneko kachiwiri ndi kachitatu mpaka malowo atawazolowera.

Bungwe la Urban Ecology Center ndi limene lalimbana ndi vuto limeneli kwa nthawi yaitali mumzindawu. Linayamba mu 1991 ku Riverside Park, paki imene mapulani ake anajambulidwa m'zaka za m'ma 1890 ndi kampani ya Frederick Law Olmsted, yemwe anakonza nawonso Central Park ya ku New York. Pofika m'ma 1980 pakiyo inali itatayidwa, mutadzaza zinyalala, ndipo anthu ankaopa kudutsamo chifukwa cha umbanda. Anthu okhala pafupi anagwirizana kuti njira yoibwezera m'manja mwawo ndiyo kuiyeretsa ndi kumabweretsamo ana asukulu tsiku ndi tsiku, poona kuti malo amene muli phokoso la ana ndi aphunzitsi zigawenga sizikhazikikamo. Kwa zaka zoposa khumi ntchitoyi inkachitikira m'kalavani yoimikidwa m'mphepete mwa pakiyo, ndipo nyumba yeniyeni inatsegulidwa mu 2004. Kenako bungweli linatsegula nthambi ku Washington Park mu 2007 ndi ku Menomonee Valley mu 2012, yoyambayo m'dera limene anthu ambiri ndi akuda, inayo kufupi ndi dera limene mabanja ambiri amalankhula Chisipanishi. Nyumbazi ndi malo okumanirapo anthu a m'deralo, ndipo munthu amatha kungolowa osalipira kanthu.

Lamulo limene limayendetsa maphunziro a ana pamalowa ndi losavuta kumva. Bungweli limagwira ntchito makamaka ndi sukulu zimene zili pa mtunda wosapitirira mamailosi awiri kuchokera ku nthambi iliyonse, kutanthauza makilomita atatu ndi pang'ono, ndipo limakatenga anawo pa mabasi akeake kangapo m'chaka cha sukulu. Maganizo ake ndi akuti munthu amakula akusamala chilengedwe ngati ali mwana ankafika kawirikawiri pamalo amodzi a thengo, ali ndi wamkulu womulondolera. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu ya ntchito yonseyi ili pa lamulo la mtundali. Mwana amene watengeredwa ulendo wautali kukaona nkhalango yotchuka amabwera ndi nkhani ya tsiku limodzi, koma amene anaona mtengo womwewo uli ndi masamba mu Sepitembala, n'kudzaupeza uli mbulanda mu Januwale, amayamba kufunsa kumene masambawo apita ndi mmene mtengowo ukukhalira ndi moyo. Ndiponso paki ya pafupi angathe kubwererako Loweruka ndi makolo ake wapansi.

Phunziro loyamba la m'chisanu limachitikira pakhomo, anthu asanatuluke, ndipo ndi la kavalidwe. Aphunzitsi amafotokoza kuti chimene chimafunditsa thupi ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa zovala, choncho zovala zingapo zopepuka zosanjikiza zimaposa chijekete chimodzi cholemera, chifukwa munthu akayamba kutuluka thukuta amatha kuvulako chimodzi. Nsalu ya thonje amailetsa kukhala pafupi ndi khungu popeza imamwa thukuta n'kukhala yonyowa, ndipo chovala chonyowa chimachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri, pamene ubweya wa nkhosa umafunditsabe ngakhale utanyowa. Ana amazizidwa msanga kuposa akuluakulu chifukwa matupi awo ndi aang'ono, ndipo zala, makutu ndi mphuno ndi zimene zimayamba kuvulala. Koma kudziwa zimenezi sikugula jombo. Majombo a chipale, magolovesi ndi mathalauza osalowa madzi ndi zodula, komanso mwana amazikula chaka chimodzi chokha, n'chifukwa chake malo ambiri otere amasunga zovala zimene anthu apereka kuti azibwereka ana obwera atavala nsapato wamba. Urban Ecology Center imabwereketsanso mamembala ake zipangizo, monga nsapato zotambalala zoyendera pachipale chakuya ndi timatabwa totsetserekera, popanda malipiro ena apadera, kuti banja lisachite kugula zinthu zimene lidzagwiritse ntchito masiku owerengeka okha pa chaka.

Pali masiku ena amene kutuluka n'kosatheka. Chimene amayang'ana si kuzizira kokha koma kuzizira pamodzi ndi mphepo, chifukwa mphepo imachotsa kampweya kofunda kamene kamakuta khungu. Nthambi ya boma yoona za nyengo m'dzikolo imachenjeza kuti ziwirizi zikaphatikizana n'kufika pafupifupi madigiri 28 pansi pa ziro, khungu losaphimbidwa limatha kuundana m'mphindi 30. Kumapeto kwa Januwale 2019 kuzizira kunafika cha m'ma 30 pansi pa ziro ku Milwaukee, moti sukulu zinatsekedwa ndipo ngakhale a positi anaimitsa kugawa makalata. Pa masiku ocheperako ukali, ana amatuluka kwa nthawi yochepa n'kukamalizira phunziro m'kati, kumene kumasungidwa akamba am'madzi, njoka ndi achule a m'chigawocho.

Akafika panja, ntchito imene imakoka ana kwambiri ndi yowerenga mapazi a nyama, ndipo m'mawa wotsatira usiku umene kwagwa chipale chopyapyala ndi umene umakhala wabwino koposa. Mapazi a kalulu amasokoneza pafupifupi aliyense poyamba. Kalulu akamadumpha amaponda kaye ndi miyendo yakutsogolo, umodzi patsogolo pa unzake, kenako yakumbuyo imadutsa m'mbali n'kukatera patsogolo pake, moti zidindo ziwiri zazitali ndi zimene zimaloza kumene wapita, ndipo mwana amene amaganiza kuti mapazi aang'ono ndi amene amatsogola amalondola nyamayo chobwerera. Gologolo amadumpha chimodzimodzi, koma mapazi ake akutsogolo amakhala ogundizana m'mbali, ndipo njira yake imathera patsinde pa mtengo. Nkhandwe imayenda mzere umodzi wowongoka, phazi lakumbuyo likulowa ndendende m'malo mwa lakutsogolo kuti isataye mphamvu pachipale, pamene galu woweta, amene amadziwa kuti chakudya chikumudikira kunyumba, amangoyenda mokhotakhota. Mbewa imasiya tizidindo ting'onoting'ono ndi kamzere ka mchira pakati, ndipo nthawi zina kanjirako kamathera mwadzidzidzi pakati pa zidindo ziwiri za mapiko, kusonyeza pamene kadzidzi anatera. Ngakhale nthambi zodyedwa zimaulula amene wadya: kalulu amadula mopendekeka ndiponso mosalala, pamene gwape wa kumeneko, amene alibe mano akutsogolo a m'mwamba, amachita kukadzula n'kusiya nthambi yonyanyuka. Luso limeneli silisiyana ndi la anyamata akumudzi amene amatsata mpita wa mbewa m'munda anthu akatha kukolola, ndipo mphunzitsi wabwino satchula dzina la nyamayo msanga, amafunsa kaye kuti ili ndi zala zingati, ikulowera kuti, ndipo inali kuthamanga kapena kuyenda.

Funso limene limatsatira ndi lakuti mbewazo zimakhala kuti kunja kukazizira chotero, ndipo yankho lake ndi limene limasintha mmene ophunzira amachionera chipale. Chipale chongogwa kumene chimakhala ndi mpweya wambiri kuposa madzi, choncho chimatchinga kutentha kochokera m'nthaka kuti kusathawe. Chikafika masentimita 15 kapena 20 kuya kwake, pansi pake penipeni pamakhala pafupifupi pa ziro ngakhale pamwamba pali madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo m'kampata kameneko mbewa zakutchire zimakumba tinjira, kudya njere ndi makungwa, ndi kubisala kwa adani. Ana amatsimikiza okha zimenezi poika choyezera kutentha china pamwamba, china pansi pa chipale, kapena pokwirira kabotolo ka madzi ofunda n'kusiya kena poyera kuti aone kamene kayambe kuundana. Apa amazindikira kuti chaka chozizira kwambiri koma chopanda chipale n'chimene chimapha tinyama tambiri ndi mizu ya zomera. Nkhandwe nayo imadziwa za tinjirati, chifukwa imaima n'kumvetsera phokoso la pansi, kenako imadumpha m'mwamba n'kulowa chamutu m'chipalemo.

Nyama iliyonse ili ndi njira yake yopulumukira, ndipo aphunzitsi amaziika m'magulu atatu: zosamuka, zogona nyengo yonse, ndi zopirira zili maso. Zochititsa chidwi kwambiri zili m'magulu awiri omalizawo. Kambalame kotchedwa chickadee kamalemera magalamu 11 okha, koma kamakhala komweko chisanu chonse. Kamabisa njere m'makungwa ndi m'ming'alu yambirimbiri n'kumakumbukira malowo, ndipo usiku kamatsitsa kutentha kwa thupi lake ndi madigiri pafupifupi 10 kuti mafuta amene kasonkhanitsa masana akafikitse m'mawa. Pali mtundu wina wa chule wa m'nkhalango umene umagona pansi pa masamba n'kuundana ndithu, mtima n'kuima, koma chiwindi chake chimathira shuga wambiri m'magazi amene amateteza maselo kuti asawonongeke, ndipo kukafunda chuleyo amasungunuka n'kudumpha. Akamba am'madzi amakhala miyezi pansi pa dziwe lotsekedwa, kumene mpweya wabwino umachepa kwambiri, ndipo asidi amene amachuluka m'thupi mwawo amachepetsedwa mphamvu ndi michere yochokera m'chigoba chawo. Zimenezi zimatheka chifukwa madzi amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4, kotero ofundirapowo amakhala pansi pamene oundana amayandama, ndipo dziwe limaundana kuyambira pamwamba. Phunziro la dziwe limapita limodzi ndi chenjezo lakuti madzi oundana osafika masentimita 10 kukhuthala kwake si oyendapo, ndiponso kuti a mumtsinje sadalirika ngakhale aoneke olimba.

Maulendo ausiku okamvetsera akadzidzi ndi amene amasonkhanitsa makolo ndi ana pamodzi. Kwa ambiri a ife amene tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga ndiye kuti kuli maliro, n'zachilendo kuona anthu akulembetsa mayina kuti akamufunefune mumdima, koma kumeneko mbalameyi ndi imodzi mwa zokondedwa. Kadzidzi wamkulu wa nthenga zooneka ngati nyanga amayamba kuitanizana ndi mnzake pakati pa chisanu, ndipo amaikira mazira kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mbalame zina zambiri zisanaganize zomanga zisa, kuti anapiye ake adzakhale atakula pamene tiana ta akalulu ndi mbewa tachuluka. Pansi pa mtengo umene amagonamo pamapezeka timibulu ta ubweya ndi mafupa timene amalavula akameza mbewa yathunthu. M'kalasi ana amaphwasula timibulu totere, titayamba tatenthedwa kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, n'kuyala tizigaza ndi tinsagwada papepala kuti adziwe zimene kadzidziyo anadya.

Maphunziro a akuluakulu amayenda pang'onopang'ono ndipo amalowa mozama. Ambiri amaphunzira kuzindikira mitengo yopanda masamba poyang'ana makungwa, timphukira ndi kakhalidwe ka nthambi, mwachitsanzo kuti nthambi za mtengo wa maple ndi wa ash zimatuluka ziwiriziwiri moyang'anizana pamene za oak zimatuluka mosinthana. Ena amangofuna chifukwa chotulukira m'nyumba, ndipo chifukwa chimenechi si chopepuka, popeza madokotala amadziwa kuti kufupika kwa masana kumadwalitsa anthu ena matenda a kukhumudwa, ndipo okalamba okhala okha ndi amene amatsekeredwa kwambiri. Koma gawo limene limapatsa akuluakulu ntchito yeniyeni ndi lowerenga mbalame. Kalembera wa mbalame wa pa Khirisimasi anayamba mu 1900, pamene katswiri wa mbalame Frank Chapman anapempha anthu kuti aziwerenga mbalame m'malo mochita mpikisano wozipha umene unali mwambo wa tsikulo, ndipo chaka choyambacho anthu 27 anawerenga m'malo 25. Lero kalemberayu amayendetsedwa ndi bungwe la Audubon kuyambira pa 14 Disembala mpaka pa 5 Januwale, ndipo gulu lililonse limapatsidwa dera lozungulira lotalika makilomita 24 kuchokera mbali ina kufika ina. Wongoyamba kumene amayenda ndi wodziwa, wina akuyang'ana, wina akulemba. Mu 2009 bungweli litasanthula zolembedwa za zaka 40, linapeza kuti mitundu 177 mwa mitundu 305 ya mbalame inali itasunthira kumpoto malo ake okhala m'chisanu, zomwe munthu mmodzi sakanaziona ngakhale atayang'ana moyo wake wonse. Palinso kalembera wina wa masiku anayi wa mu Febuluwale, amene anayamba mu 1998 ndipo amangofuna mphindi 15 zoyang'ana mbalame pamalo alionse. Kuyambira mu 2013 ameneyu ndi wa dziko lonse lapansi, kotero munthu wa ku Zomba kapena ku Chipata angathe kutumiza nawo zimene waona pa intaneti.

Nyengoyi imatsekedwa ndi ntchito yokolola madzi a mtengo wa maple, umene ndi mtengo woimira chigawo cha Wisconsin. Madziwo amatuluka pokhapokha usiku kukazizira kufika pansi pa ziro koma masana n'kufunda pang'ono, chifukwa kusinthana kumeneku n'kumene kumachititsa mtengo kukoka madzi usiku ndi kuwakankha masana. Pamtengo wokhuthala masentimita 25 kapena kuposa amaboola kabowo kakang'ono, n'kulowetsa kampopi, ndi kupachikapo ndowa. Ana akalawa madziwo amakhumudwa, popeza shuga wake ndi magawo awiri okha pa 100 alionse, ndipo pamafunika malita pafupifupi 40 kuti awiritsidwe mpaka patsale lita imodzi ya manyuchi. Malo monga Wehr Nature Center ndi Riveredge Nature Center, omwe ali kunja kwa mzindawu, amakhala ndi masiku apadera a ntchitoyi mu Malichi. Aphunzitsi osamala amanena poyera kuti luso limeneli ndi la eni nthaka, monga a Ojibwe, a Menominee ndi a Potawatomi, amene ankatunga madziwo m'zotengera za makungwa ndi kupanga shuga azungu asanafike, ndipo ambiri a iwo akupangabe mpaka lero. Kukolola kumatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo kumatha timphukira tikayamba kufufuma, chifukwa pamenepo madziwo amasintha kakomedwe.

Vuto limene likukula pa ntchito yonseyi ndi lakuti chisanucho sichikudalirikanso. Ku Madison, likulu la chigawochi, anthu akhala akulemba tsiku limene nyanja ya Mendota yatsekedwa ndi madzi oundana ndi limene yatseguka kuyambira m'zaka za m'ma 1850, ndipo zolembedwazo zikusonyeza kuti nthawi yotsekedwayo yafupika ndi pafupifupi mwezi wathunthu, kuchoka pa miyezi inayi kufika pa itatu. Chisanu cha 2023 mpaka 2024 chinali chofunda kuposa china chilichonse chimene chinalembedwapo ku Wisconsin, moti nsapato zoyendera pachipale zinakhala m'nkhokwe pafupifupi nyengo yonse m'madera akumwera, ndipo alimi ambiri a maple anayamba kuboola mitengo milungu ingapo nthawi yake yachizolowezi isanakwane. Kwa wokonza maphunziro zimenezi zikutanthauza kuti tsiku limene lalengezedwa mu Novembala kuti lidzakhala lowerenga mapazi pachipale lingathe kudzapezeka la matope okhaokha. Aphunzitsi amasamutsira phunzirolo m'mphepete mwa mtsinje, kumene matope amasunga zidindo bwino, kapena amagwiritsa ntchito zithunzi za makamera omangirira pamitengo amene amajambula okha nyama ikadutsa. Phunziro la kampata ka pansi pa chipale ndi limene lilibe cholowa m'malo mwake, ndipo pa chaka chotere amangolidikira kuti aliphunzitse m'masiku ochepa amene chipale chafika masentimita 15.